Mmene ndinasungira mawu a madala a ku Theba

Anzanga amene mukupanga masters kapena PhD kuno ku Joni, nkhani ya data ambirife timaikumbukira kumapeto supervisor akafunsa, chonsecho imayenera kuyamba usanajambule ngakhale munthu mmodzi.

Ine kafukufuku wanga ndi wa madala amene anabwera kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito yakumigodi, aja kwathu timati a ku Theba, ena ndi matchona sanabwererenso kumudzi. Choyamba ndinalemba data management plan, masamba awiri basi koma mafunso ake ngolemera, ujambula chani, usunga kuti, adzamvera ndani, mpaka liti. Kenako ethics, kupempha chilolezo cha yunivesite chochita kafukufuku pa anthu, apa ndi pomwe pamalowa POPIA, lamulo la kuno loteteza zinsinsi za munthu limene linayamba kuluma zenizeni pa 1 July 2021, ndiye dzina, mudzi, ngakhale liwu la munthu sungangolitaya pa intaneti ayi.

Fomu ya consent inali yachingerezi, ndinaimasulira m'Chichewa nkumawawerengera mokweza. Agogo ena ku Rosettenville, titakhala pabedi m'kachipinda kawo, anatulutsa m'jumbo chiphaso chawo chakumgodi chothetheka m'makona nkuyamba kufotokoza za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu ntchito yakumigodi, iwo nkusankha kutsala konkuno. Pomaliza anati mwanawe, dzina langa usalembe, kumudzi zina sadziwa. Ndiye mu transcript iwo ndi M07, pepala lolumikiza nambala ndi dzina lili palokha, lokhoma ndi password.

Jambulani WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, osati voice note ya WhatsApp imene imafinya mawu. Ndipo makope akhale atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Laibulale ya Jagger ku Cape Town inapsa mu April 2021 zinthu zambirimbiri nkuthera pomwepo, nanga kuli bwanji kalaputopu ka pa room? Ine foni anandibera pa rank ndisanakopere interview ya bambo ena a ku Mzimba, maola awiri athunthu, ndipo pano anamwalira. Zimandiwawabe mpaka lero. Chiyambire pamenepo ndimakopera tsiku lomwelo ndisanadye nsima.

Kumapeto kunali kophweka. Ndinalemba README yofotokoza fayilo iliyonse, tsiku, malo ndi chilankhulo, a ku laibulale anayang'ana metadata (zofotokoza za data yo), ndinaika ORCID yanga (nambala yozindikiritsa wofufuza), data nkulowa mu repository, malo osungira kafukufuku pa intaneti, nkupatsidwa DOI, nambala yosasintha yoipezera. Ngati ndalama zanu ndi za NRF, bungwe la kuno lopereka ndalama za kafukufuku, dziwani kuti kuyambira 2015 amafuna data ikasungidwe malo otere. Ma transcript opanda mayina ndinawatsegula, koma ma audio ndinatseka, wofuna kumvera ayambe wapempha.

Loweruka ndikukwera taxi ya ku Rosettenville, agogo aja anapempha kope lawo pa flash, akuti adzukulu adzamve okha.