Lifan pa mchenga wa ku Salima

Njinga zamoto za Lifan zimachokera ku Chongqing, ku China, kumene Yin Mingshan anayambitsa kampaniyi mu 1992. Mainjini ake ambiri aang'ono anatengera kapangidwe ka Honda, n'chifukwa chake amakaniko athu sawavutikira.

Injiniyo ndi yolimba ndithu, koma mdani wake kuno ndi mchenga. M'njira za ku Senga Bay kapena Chipoka, fumbi limalowera pa fyuluta ya mpweya yong'ambika n'kudya maring'i a pisitoni. Utsi wabuluu ukayamba kutuluka, mwachedwa kale. Tsukani fyulutayo sabata iliyonse. Oilo wa 20W-50, pafupifupi lita imodzi, muzisintha pa makilomita 1,000 alionse. Tcheni musachipake girisi wambiri, amagwira mchenga n'kupala mano a sipuloketi.

Mabawuti okha ndiwo amamasuka msanga. Akabaza, muziwamanga pafupipafupi.