Kuchokera m'chipinda choberekera kufikira kwa amayi osiya kusamba: njira imene ndinayenda ku Johannesburg

Maphunziro a unamwino ndi uzamba ndinawamaliza mu 2004 ku Kamuzu College of Nursing, sukulu imene mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo zaka 7 zotsatira ndinazithera m'chipinda choberekera pachipatala china cha boma. Kumeneko mayi tinkamudziwa bwino akakhala ndi pakati, akamachira, akamayamwitsa ndiponso akamabwera kudzabaitsa jakisoni wa kulera. Akapitirira zaka 45 ankazimirira m'makaundula athu, ndipo tinkangomuona kuseri kwa wodi, atakhala pafupi ndi mafuwa, akuphikira phala mwana wake wamkazi amene wagonekedwa. Sindikumbukira tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinafunsa mmodzi mwa amayi odikirira odwalawo mmene thupi lake likumvera.

Mu 2012 ndinatsatira amuna anga kuno ku Joni, ndipo ndinazindikira msanga kuti satifiketi ya kumudzi payokha siilola munthu kugwira wodwala m'dziko lino. Choyamba ndinatumiza mapepala anga a sukulu ku SAQA, bungwe limene limayesa maphunziro a kunja kuti lione msinkhu umene akufanana nawo kuno. Kenaka ndinapempha kalata yovomereza ku nthambi ya unduna wa zaumoyo yoona za ogwira ntchito ochokera kunja, ndipo apa ndinapindula chifukwa chakuti amuna anga anali kale ndi chilolezo chokhazikika, poti ndondomeko ya boma lino silimbikitsa kukoka anamwino kuchokera kumaiko osauka oyandikana nalo. Kalata imeneyo itatuluka ndi pamene ndinakagogoda ku South African Nursing Council ku Pretoria, khonsolo imene imalemba anamwino m'kaundula motsatira lamulo la Nursing Act la 2005. Khonsoloyi imafuna kuti umboni wakuti munthu ndi namwino wovomerezeka uchokere mwachindunji ku Nurses and Midwives Council of Malawi, osadzera m'manja mwa mwini wake, ndipo pomaliza pamakhala mayeso.

Miyezi ingapo ndinaitaya chifukwa cha kusasamala kwanga. Satifiketi ya sukulu inali ndi dzina la bambo anga, pasipoti inali ndi dzina la amuna anga, ndipo sindinaganize kuti kwa munthu wowerenga faelo amenewo ndi anthu awiri osiyana. Zinatengera chikalata cha ukwati ndi lumbiro lolemba kupolisi kuti maina awiriwo agwirizane, koma pamene zonsezi zinkatheka, zidindo za pamakope ena zinali zitakalamba, ndipo ndinayambiranso kufola pamzere. Pa nthawi yodikirayo ndinkasamala gogo wina wachizungu ku Rosettenville, kumusambitsa ndi kumumwetsa mapiritsi, ndipo usiku ndinkawerenga malamulo a unamwino a dziko lino. Tsiku limene ndinakwera sitima ya Gautrain ku Park Station kupita ku Arcadia, dera la ku Pretoria, ndinaona kuti nyumba ya khonsoloyo imatchedwa dzina la Cecilia Makiwane, mayi woyamba wachikuda kulembedwa ngati namwino m'dziko lino mu 1908. Dzina langa linalowa m'kaundula mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo ndimalipira chaka ndi chaka kuti chiphaso chogwirira ntchito chisathe mphamvu.

Ndinkayembekezera kubwerera ku uzamba, koma ntchito imene inapezeka inali pakiliniki ina yaing'ono yolipira kumwera kwa mzindawu, pamzere wa odwala BP, shuga ndi olandira ma ARV. Ambiri pamzerewo anali amayi a zaka zapakati pa 40 ndi 60, omwe aja ndinkawadutsa kuseri kwa wodi.

Loweruka lina kunabwera mayi wa zaka 49, wogwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, amene anayang'ana dzina la pachifuwa panga n'kusiya Chingerezi chake chovutikira.

"Anesi, kodi ndinu a kumudzi? Ndiye mundimve bwino. Makhololo andiyeza kawiri, akuti TB palibe, koma usiku ndikumasintha chitenje kawiri, chonyoweratu ndi thukuta. Masana ndikamasita zovala za abwana, moto umangobuka pachifuwa pano n'kukwera kumaso. Kapena pali munthu amene wandichita chipongwe?"

"Mayi, kumwezi munapita liti komaliza?"

Anakhala chete, nayang'ana kuchitseko ngati wina akumvetsera, kenaka anawerenga ndi zala n'kunena kuti papita miyezi 8, ndipo kuti palibe anamufunsapo zimenezo. Amene anamuyeza makhololo sanalakwe, chifukwa m'dziko limene chifuwa chachikulu chili ponseponse, thukuta la usiku silingatengedwe mopepuka. Chimene chinandipweteka n'chakuti ine mzamba wa zaka zambiri ndinatha kumuuza dzina la vuto lake lokha, koma za chithandizo ndinalibe mawu opitirira akuti zidzatha zokha. Kwathu mtsikana akatha msinkhu amakhala pamphasa ndi anankungwi, amene amamulangiza za kuvala, za mchere ndi za ulemu, koma msambo ukamapita kumapeto palibe mphasa imene imayalidwa.

Mwambi uja umati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo ine ndinaona kuti ntchito yanga yeniyeni ndi imene inali itandipeza kale pamzerewo. Panalibe khomo lolembedwa kuti ofuna kukhala anamwino a amayi osiya kusamba alowere apa, kotero njirayo ndinailumikiza ndekha. Ndinachita maphunziro a chaka chimodzi a kuyeza odwala, kupeza matenda ndi kupereka chithandizo choyambirira, amene amatsegulira namwino mwayi wololedwa kulemba mankhwala ena motsatira gawo 56 la lamulo lija. Ndinayamba kupita kumisonkhano ya South African Menopause Society, kumene ambiri anali madokotala, ndipo ndinapempha dokotala wa amayi amene ankabwera pakiliniki pathu kuti ndizikhala nawo m'chipinda akamaona odwala, iwo atalola.

Kumeneko ndinamvetsa chifukwa chake ngakhale ogwira ntchito zaumoyo amaopa mankhwala a mahomoni, amene amabwezeretsa m'thupi mahomoni amene amachepa mayi akamasiya kusamba. Mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaimitsidwa mbali imodzi nthawi yake isanakwane, zitaoneka kuti khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi zinali zochulukirapo mwa amene ankamwa mankhwalawo, ndipo amayi ochuluka padziko lonse anawasiya. Koma amayi a m'kafukufukuyo, powaphatikiza, anali a zaka pafupifupi 63, ndipo kuunikanso kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti kwa mayi wosafika zaka 60, kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino wake nthawi zambiri umaposa chiopsezo. Homoni ya oestrogen ndiyo imaziziritsa bwino moto uja, koma mayi amene chiberekero chake chilipo ayenera kulandiranso homoni ina yotchedwa progestogen kuti mkati mwa chiberekeromo musakhuthale mpaka kuyambitsa khansa. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene magazi anamuundanapo m'mitsempha, ndiponso amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, ameneyo ndi wa kwa dokotala, ndipo namwino wodziwa ntchito yake sapikisana nawo malire amenewa.

Masiku ano mayi akakhala pampando wanga ndimayamba ndi zoopsa. Ndimafunsa za chifuwa ndi kuonda, ndimayeza BP ndi shuga, ndimayang'ana m'zikope ngati magazi ali okwanira, chifukwa zotupa za m'chiberekero zimene zimachititsa msambo wochuluka n'zofala kwambiri mwa amayi achikuda, ndipo mtima ukamagunda mothamanga ndimaganiziranso chithokomiro. Ndimafunsa za kuyezetsa khomo la chiberekero, poti boma lino limapereka mwayi waulere katatu, pa zaka 30, 40 ndi 50, ndipo amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi kuposa apo. Pamenepa ndimalimbikira kwambiri ndi amayi a kwathu, popeza Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ochuluka zedi, ndipo katemera wa kachirombo ka HPV koyambitsa khansayi, amene anayamba m'sukulu za kuno mu 2014 ndi kumudzi mu 2019, anapeza m'badwo wawo utadutsa kale. Ndikatha izi ndi pamene timakamba za tulo, za kupsa mtima msanga, za kuiwalaiwala, za mafupa amene amayamba kufooka oestrogen ikachepa, ndi za kuuma kwa njira ya amayi, nkhani imene satchula okha pokhapokha ine nditaiyamba.

Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati wasiyadi pakapita miyezi 12 yathunthu osaona kanthu. Nthawi imeneyi isanakwane mimba imathekabe, ndipo ndaonapo mayi wa zidzukulu akulira m'chipinda changa atauzidwa kuti ndi woyembekezera. Langizo lake n'lakuti wosafika zaka 50 apitirize kulera kwa zaka 2 kuchokera pa msambo womaliza, ndipo wopitirira zaka 50 kwa chaka chimodzi. Amene ali pa jakisoni ndiye zimasokoneza, chifukwa jakisoniyo payekha amatha kuimitsa msambo, ndipo kalendala singatithandize.

Gawo lina la ntchitoyi silichitikira pakiliniki konse. Amayi athu ambiri amapuma Lamlungu lokha, ndipo kupempha abwana tsiku chifukwa cha thukuta sangayerekeze, choncho amayi a Mvano a mpingo wathu anandipatsa mphindi zochepa tikaweruka mapemphero. Kumeneko ndinamva zimene m'chipinda choyezera sizinenedwa: kuti mayi wosiya kusamba akakhala malo amodzi ndi mwamuna mimba imatupa chifukwa palibe chotsuka m'kati, kuti msambo wosatuluka umakwera kumutu, ndi kuti mapiritsi a mahomoni ndi a azungu okha. Sindiwaseka, chifukwa amene anawauza zimenezi ndi anthu amene ankawakonda. Ndimajambula chiberekero papepala n'kufotokoza kumene magazi a msambo ankachokera ndi chifukwa chake aleka, ndipo ndimanena mosabisa kuti mtengo wa mankhwala ena kufamase ndi wolemera kwa munthu amene theka la malipiro ake amatumiza kumudzi.

Mayi wa chitenje chonyowa uja anaonedwa ndi dokotala, anayamba mankhwala, ndipo patapita miyezi itatu anati akugona mpaka alamu kulira. Chaka chotsatira anabweranso Loweruka m'mawa atagwira dzanja mlamu wake wa zaka 56, amene anasiya kusamba zaka 4 m'mbuyomo koma tsopano ankaona timadontho ta magazi pa kabudula wa m'kati, ndipo ankasangalala kuti mwina utsikana wabwerera.

"Anesi, ndawauza alamu angawa kuti inu munati magazi obwera pambuyo posiya sadikira mawa."

Ndinalemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo pamwamba pake ndinalembapo kuti n'zamsanga.