Corsair yanga yasiya kupendekeka

Anzanga, lero m'mawa Corsair, sitima yaing'ono yachifanizo yomwe ndikupanga, yakhala bwinobwino pamadzi m'bafa, patatha masiku 9 ikundisowetsa tulo. Ndikaikankha ndi chala ikupendekeka pang'ono n'kubwerera yokha.

Ndi chifanizo cha sitima ya USS Corsair (SP-159), pa sikelo ya 1:96, kutanthauza kuti ndaichepetsa ka 96. Yeniyeniyo inali yotalika mafiti 304, ndiye hull yanga (thupi la sitima) ndi masentimita pafupifupi 97. Inali yacht (sitima yoyendera pokasangalala) ya mpondamatiki wa ku America J. P. Morgan Jr., koma mu 1917, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, asilikali apamadzi a ku America anaitenga, n'kuiika mizinga 4 ya mainchesi 3, ulendo wa ku Brest, ku France, kukaperekeza sitima zomwe ma U-boat (sitima zapansi pa madzi za ku Germany) ankazisaka. Pa 17 Okutobala 1917, sitima ya Antilles itamizidwa, Corsair ndi yacht inzake Alcedo ndi zomwe zinavuula anthu m'nyanja. Alcedo nayo inamizidwa pa 5 Novembala chaka chomwecho. Ndikufuna yanga ioneke mmene inalili miyezi imeneyo.

Vuto linayamba nditangomata mizinga. Kuiika pamadzi, inagonera kumanzere osadzukanso. Ndinaganiza kuti ndi mizingayo poti ndinaisula ndi mkuwa, ndiye ndinaichotsa yonse. Palibe chinasintha. Ndinasuntha batire kawiri. Kenako ndinakapempha timitovu ta pamatayala kwa mkulu wina wokonza matayala ku Limbe, yemwe amandisungira m'kachitini ndipo sanandilipiritsepo. Ndinatiphwanya ndi hamala n'kutimata pa keel (msana wa pansi pa sitima) ndi guluu wa epoxy. Kupendekeka kunachepa, koma sitima inamira mpaka madzi kupitirira mzere womwe amayenera kulekezera, mawindo a m'mbali aja kutsala pang'ono kulowa. Kugumula epoxy youma m'kati mwa hull yopapatiza chonchi kunanditengera madzulo atatu, ndipo nthiti imodzi ya hull inathyoka.

Lachisanu ndi pomwe ndinatenga sikelo ya kukhitchini n'kuyamba kuyeza chilichonse cha pamwamba pa deck (bwalo la pamwamba pa sitima). Olakwa anapezeka: chumuni, chomwe ndinadula ku paipi ya madzi yamkuwa, ndi nyumba ya pa deck yomwe ndinasema ndi mbawa yosaboola m'kati. Ma yacht amenewa anali aatali koma opyapyala, ndiye kulemera kukachuluka m'mwamba sakhululuka. Chauncy Maples yomwe ndinapanga kale, ija ya amishoni a Anglican a UMCA imene boma linaigwiritsanso ntchito pa nkhondo yomweyi pa nyanja yathu, sinandivutitse chotere, mwina chifukwa zonse za pamwamba ndinazipanga ndi pulayiwudi yopepuka.

Chumuni chatsopano ndapinda ndi pulasitiki yopyapyala. Nyumbayo yandiwawa mtima kwambiri. Mbawa ija ndinaipala ndi sandipepa mpaka kunyezimira, mizere yake yofiirira kuonekera bwino, koma ndaichotsa ndithu. Ndamanga ina ya pulayiwudi ya milimita 1, poti pamapeto pake zonse zipakidwa utoto wotuwa wa nkhondo. Mtovu ndabwezera theka lokha, pansi penipeni, ndipo mizinga yamkuwa yabwerera m'malo mwake.

Zatsala ndi ma depth charge (mabomba ophulikira pansi pa madzi) akumbuyo, mabwato opulumutsira anthu ndi zingwe za milongoti, zomwe sindinaganize kuti ndizimanga ndi ulusi wanji. Mbawa ija ndaikulunga m'nsalu. Ndikulingalira zopanga hull yachiwiri, Corsair yomweyi isanapite kunkhondo, yakuda bii ndi matabwa ake owala, kuti ziwirizi ndidzaziyandamitse limodzi ku Mangochi.