Kufikitsa Wi-Fi kuzipinda zonse za m'nyumba

Nyumba zambiri za mu Lilongwe, kaya ku Area 25 kapena ku Area 47, n'zomangidwa ndi njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti, ndipo makoma oterewa amafooketsa Wi-Fi kuposa matabwa. Khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati ndilo limatchinga kwambiri, ndipo firiji ndi kalilole wamkulu nazonso zimatchinga.

Choyamba choyenera kuona ndi pamene pali rauta, kachipangizo kamene kamaulutsa Wi-Fi. Ambirife timaibisa kuseri kwa TV, pafupi ndi soketi, chikhalirecho imayenera kukhala pamalo okwera, chapakati pa nyumba, kuti mphamvu yake idutse makoma ochepa isanafike kuzipinda. Amene amagwiritsa ntchito rauta yolowetsa simu ya Airtel kapena TNM ali ndi vuto lina, chifukwa rautayo imafunanso kukhala pafupi ndi windo kuti igwire bwino netiweki, choncho ayenera kuyesa mawindo angapo.

Marauta ambiri atsopano amaulutsa Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yachangu koma sifika patali, pamene ya 2.4 GHz imadutsa makoma bwinoko, ngakhale kuti imasokonezedwa ndi microwave ndi marauta a anansi. Marauta a anansi akamasokoneza, sinthani tchanelo (njira imene rauta imaulutsirapo) pa rauta yanu, musankhe 1, 6 kapena 11.

Pofuna kufikitsa intaneti kunyumba ya kuseri, ine extender (chipangizo cholandira Wi-Fi n'kuiulutsanso kuti ifike patali) sindiikhulupirira kwenikweni, popeza nthawi zambiri imadula liwiro pakati. Ndi bwino kukoka chingwe cha Ethernet, chimene chimagwira ntchito mpaka mamita 100, n'kulumikiza rauta yachiwiri kumeneko.