Learner's ya ku South Africa: mafunso 8 amene amagwetsa ana anzeru

Mwana angathe kukhoza mafunso 60 mwa 64 koma n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Mayeso a learner's, chilolezo chophunzirira kuyendetsa galimoto, ku South Africa sawonkhetsa malikisi onse pamodzi. Ali ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mlingo wake: pa malamulo a pamsewu pafunika 22 mwa 28, pa zikwangwani 23 mwa 28, pa zipangizo zoyendetsera galimoto 6 mwa 8. Mukakhoza onse 28 pa malamulo, 27 pa zikwangwani, koma 5 pa zipangizo, mwalephera basi. Kagawo kakang'onoka ndi kamene ambiri amakawerenga ali m'taxi m'mawa wa tsiku la mayeso.

Za msinkhu sizivuta. Code 1 ndi ya njinga zamoto, ndipo wa zaka 16 amaloledwa ngati njingayo siyiposa 125cc. Code 2 ndi ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500, yoyambira zaka 17. Code 3 ndi ya zikuluzikulu, kuyambira zaka 18. Laisensi yeniyeni ya galimoto imadikira zaka 18. Learner's imagwira ntchito miyezi 24 ndipo saiwonjezera masiku. Ikatha mumalembanso mayeso. Choncho woitenga atangokwanitsa 17 ali ndi chaka chophunzirira chiwongolero ndi chaka china choyesera mayeso a pamsewu.

Pa mapepala ndi pomwe ana a Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku Cape Town amatayira masiku. Ku DLTC, komwe amayesera madalaivala, amafuna fomu ya LL1, chiphaso, zithunzi ziwiri zazing'ono, umboni wa komwe mukukhala ndi ndalama yolembetsera, imene imasiyana chigawo ndi chigawo. Amene alibe ID ya dzikolo ayambe watenga Traffic Register Number, nambala yomuzindikirira ku ofesi ya zapamsewu, pogwiritsa ntchito pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ngati bilu ya madzi kapena magetsi ili m'dzina la eninyumba, eniakewo alembe kalata yolumbira kuti mumakhala pamenepo. Okhala m'malo opanda mabilu amatenga kalata ya khansala yodindidwa chidindo. Ku Gauteng tsiku amasungitsa pa intaneti kudzera pa NaTIS, tsamba la boma la zapamsewu. Maso amayezanso. Ovala magalasi musawasiye kunyumba chifukwa cha manyazi. Makina oyezera maso sanamizika.

Tsopano kawerengedwe. Ambiri amatsitsa pafoni mafunso a K53, njira yoyendetsera galimoto imene amayeserapo madalaivala kumeneko, n'kumaloweza kuti yankho ndi B. Funso lomwelo likabwera mayankho atawasinthanitsa malo, mutu umaima. Choopsa china ndi mafunso okhala ndi ziganizo zitatu, kenako n'kufunsa ngati cholondola ndi choyamba chokha, choyamba ndi chachitatu, kapena zonse. Wothamanga amaona chiganizo choyamba kuti n'choona, n'kudina pomwepo. Njira yake ndi kuyesa chiganizo chilichonse pachokha, ichi n'choona, ichi n'chabodza, musanayang'ane mayankho.

Manambala ndiye ochuluka, ndipo amafanana moti amasokonekera m'mutu ngati muwaloweza opanda chifukwa chake. Liwiro ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, 100 kunja kwa tauni, 120 pa freeway. Nyali zimayaka dzuwa likalowa mpaka litatuluka, komanso nthawi iliyonse imene simungaone bwino munthu kapena galimoto pa mtunda wa mamita 150, kaya ndi chifunga kaya mvula. Nyali zotsitsa zisaunike kupitirira mamita 45, zokweza zifike mamita 100. Hutala imveke pa mamita 90. Mizera ya tayala isachepere milimita imodzi kuya kwake. Musaimike galimoto pasanathe mamita 5 kuchokera pamphambano, chifukwa wotuluka mumsewu winawo muwatsekera maso. Musaime mkati mwa mamita 9 musanafike powolokera anthu: mwana wotulukira kutsogolo kwa galimoto yanu saoneka kwa amene akukudutsani. Nambala ikakhala ndi chithunzi chotere siithawa. Kusiya mpata ndi galimoto yakutsogolo amawerengera masekondi awiri, osati mamita: iyo ikadutsa pamtengo wamagetsi, yambani kuwerenga, ndipo mukafikapo musanathe awiri, mwayandikira kwambiri.

Zikwangwani zimaphweka mukayamba ndi maonekedwe musanafike pa chithunzi chamkati. Chozungulira chabuluu chikulamula, chitani ichi. Chozungulira cha mkombero wofiira chikuletsa. Cha ngodya zitatu chosongoka m'mwamba chikuchenjeza, pomwe chosongoka pansi chikuti patsani mpata. Chikakhala chachikasu m'kati ndi chakanthawi, monga pomwe akukonza msewu, koma mphamvu yake ndi yomweyo. N'chifukwa chake 60 wa m'buluu ndi 60 wa mu mkombero wofiira ndi zinthu zotsutsana: woyamba akuti musachepere apo, wachiwiri akuti musapitirire. Okulira ku Malawi ali ndi poyambira, popeza mayiko onsewa amayenda kumanzere ndipo amatsata zikwangwani za SADC. Koma zojambula pansi pamsewu ambiri amazidumpha: mzere wofiira m'mbali ukuletsa kuima n'komwe, ndipo maloboti akafa, mphambanoyo imasanduka four-way stop, woyamba kuima ndiye woyamba kunyamuka.

Tibwerere ku mafunso 8 aja. Amakupatsani chithunzi cha m'kati mwa galimoto, chipangizo chilichonse chili ndi nambala, n'kufunsa kuti pokhota, posintha giya kapena poima mugwiritsa ntchito manambala ati. Sichifuna nzeru zambiri, chimangofuna kuti munakhalapo pampando wa dalaivala. Pemphani amalume kapena achimwene okhala ndi galimoto akutsegulireni, injini ili chozima. Khalani pamenepo mphindi 20. Phazi lamanzere ndi la kilatchi yokha. Lamanja limasinthana pakati pa buleki, amene ali pakati, ndi chopondera mafuta kumanja. Gwirani giya, handibuleki, indiketa, mawaipa, hutala, muone magalasi onse atatu. Kenako tchulani mokweza zochita pokhotera kumanja: magalasi, kucheuka kuona pomwe galasi silifika, indiketa, buleki, kilatchi, giya, chiwongolero. Wophonya kawirikawiri amaiwala magalasi, chifukwa m'maganizo mwake galasi si chipangizo choyendetsera.

Pepala la learner's likatuluka, kuyendetsa galimoto muli nokha sikunaloledwe. Pambali panu pakhale munthu wa laisensi ya mtundu womwewo wa galimoto, osati mnzanu amene nayenso ali ndi learner's, ndipo wa njinga yamoto asakweze aliyense. Posankha galimoto yophunzirira muganizirenso izi: mukadzayesedwa pamsewu ndi ya automatic, laisensi yanu idzalembedwa kuti ndi ya automatic yokha.