Kodi amayi a tomato aja anavomera chiyani?

Anzanga, phunziro la Ethics, lija la chabwino ndi choipa, lalowa m'mutu tsopano. Temu yonse ndakhala ndikuloweza za katswiri wa filosofi Kant ndi utilitarianism (ganizo loti chabwino ndi chimene chimapindulira anthu ambiri) ngati vesi la ku Sande sukulu, osaona pamene zikukhudzana ndi ntchito yomwe tikufuna kukagwira. Chandimasula ndi mkangano wa m'gulu lathu la asainimenti.

Tinapatsidwa kafukufuku wa momwe amalonda a pamsika wa Kapata ku Chipata amagwiritsira ntchito mobile money. Mafunso tinawaika pa Google Forms. Mayankho anagwera mu spreadsheet imodzi: dzina, nambala ya foni, malonda ake, ndalama zomwe munthu amapeza patsiku. Ndiye mnzathu wina woweta nkhuku analemba pagulu la WhatsApp kuti, "Manambala awa angokhala, bwanji ndiwauze kuti nkhuku zakula?" Ambiri tinaona kuti palibe vuto. Sanabe kanthu, nayenso anapsa nafe ndi dzuwa pofunsa anthuwo.

Mtsikana wina wa m'gulumo anangoyankha ndi funso: "Kodi amayi a tomato aja anavomera chiyani?"

Apo ndi pamene mutu unatseguka. Amayi aja anavomera kuyankha mafunso a ana a sukulu. Basi. Sanavomere kutsatsidwa nkhuku, sanavomere kuti phindu lawo lidziwike kwa aliyense amene walandira link. Nambalayo ili mu laputopu yathu, inde, koma anatibwereka pa ntchito imodzi yokha. Ndinapita kukawerenga Data Protection Act ya 2021, lamulo la Zambia nambala 3 la chaka chimenecho loteteza zokhudza munthu, ndipo mfundoyi ilimo: zokhudza munthu uzitenge pa cholinga chodziwika, usazigwiritse ntchito pa china chosagwirizana nacho, ndipo usazisunge mpaka kalekale.

Taganizani tsono za kuntchito. Wa pa booth amaona nambala yako ndi NRC, madzulo n'kukutumizira "muli bwanji asisi". Mlembi wa kopaletivu ali ndi mndandanda wa alimi a FISP, wina wofuna mavoti n'kumupempha. Kalaliki wa pachipatala amadziwa amene amabwera kudzatenga mankhwala anji. Onsewa ali ndi chilolezo choona, ndipo funso ndi lomwe lija.

Tinasintha zonse usiku womwewo. Link ya spreadsheet ija tinaitseka kuti ilowedwe ndi imelo za a m'gulu okha, mayina tinachotsa n'kuika manambala achinsinsi, mndandanda weniweni uli ndi munthu mmodzi. Ndipo version history, abale! Imaonetsa amene walemba kapena kufuta chinthu, ndi nthawi yake. Ine ndikanakhala mphunzitsi ndikanaponya manotsi onse pambali n'kuphunzitsa Ethics ndi batani limeneli lokha. Munthu akadziwa kuti dzina lake litsala pa chilichonse chimene wakhudza, dzanja limaopa lokha.

Chimene chikundiwawa n'chakuti nkhani ya data anaiika kumapeto kwenikweni kwa temu, titatolera kale manambala a anthu. Masabata onse aja tinkakopera matanthauzo pabolodi. Manotsi ofunikawo anabwera ngati PDF pa WhatsApp usiku, malaiti atapita, bundle itatha, mayeso ali pakhomo. Ukafunsa m'kalasi amati "kawerengeni". Tiwerenge nthawi yanji?

Komabe pali zimene sizinakhazikike mumtima. Mnzathu amene anafunsa anthu ambiri kuposa tonse, chifukwa amadziwana ndi amayi a pamsika, alibe laputopu. Mu version history akuoneka ngati sanagwire ntchito, pomwe ma voice note ake ndiwo anatipatsa mutu wachitatu wonse wa asainimenti. Tikuganizabe momwe tingawauzire aphunzitsi.

Chinanso n'chakuti wa nkhuku tinamukaniza mosavuta chifukwa ndi mnzathu. Pa attachment pamene ndikupita, bwana akadzati "tanditumizira mndandanda wa makasitomala pa foni yanga", ine ndili wongophunzira, ndikudikira siginecha yake pa logbook, kaya pakamwa padzatseguka. Amene munapitako kale, munkatani?