Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Agogo a pa bedi la kuwindo

Sabata yatha ndinalekezera pomwe ndinakhoza mayeso a Chitchaina nditalephera kawiri. Zitatero, aphunzitsi athu a unamwino ku Zhengzhou, m'chigawo cha Henan ku China, anati lilime lathyoka, nditha kulowa mu wodi. Anandinyamulitsa mapepala a mafunso oti ndizikafunsa odwala khansa ya kum'mero.

Pepalalo limatchedwa EORTC QLQ-C30, ndipo limayeza mmene moyo wa wodwala khansa ukuyendera. Analikonza ku Ulaya, linatuluka mu 1993, ndipo ife tinali ndi lomasuliridwa m'Chitchaina. Lili ndi mafunso 30. Pa 28 oyamba munthu amasankha pakati pa ayi, pang'ono, kwambiri ndithu, kapena kwambiri zedi. Awiri omaliza amapereka nambala kuyambira 1 mpaka 7, kunena za thanzi lake ndi mmene moyo wamukomera sabata yapitayo. Ine ndinkaona ngati ntchito yachibwana.

Wodwala wanga wachitatu anali agogo ena ochokera ku Linzhou, ku Henan komweko, m'mphepete mwa mapiri a Taihang, dera lodziwika kalekale ndi matendawa. Atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti Chitchaina cha m'kalasi sichindipulumutsa. Koma ndisanakhale n'komwe pansi, mwana wawo wamwamuna anandikokera pakhonde. "Anamwino, chonde, dzina la matendawa musalitchule. Bambo akudziwa kuti ndi chilonda chabe." Sindinadabwe. Malume anga kwathu ku Ntcheu anamwalira ndi nthenda yomweyi, akulephera kumeza ngakhale phala, ife tikuwauza kuti ndi zilonda za m'mimba.

Tinayamba, mwanayo akumasulira. Kodi mumavutika kunyamula katundu wolemera? Pang'ono. Ululu? Pang'ono. Nditafunsa ngati chilakolako cha chakudya chatha, agogo anaseka mpaka kutsokomola. Njala anali nayo yoopsa. Usiku ankalota mbale ya huimian, ma noodles otambalala a ku Henan a msuzi wa nkhosa, koma kukhosi kunkangodutsa phala lamadzimadzi. Ndinachonga ayi, mtima ukukana. Za kumeza zili ndi pepala lakelake, koma pa ili agogo anaoneka ngati munthu wodya bwino.

Funso la 28 ndi la ndalama: kodi matenda kapena chithandizo zakubweretserani mavuto a zachuma? Mwanayo anamasulira motsitsa mawu. Agogo anayang'ana mwana wawo, kenako denga. Ayi, ngakhale pang'ono. Pa awiri omaliza anangoti "hai xing", ndiye kuti zilikoliko, ngati mmene ife timanenera kuti tadzuka pomwe usiku sitinagone. Nditawakakamiza analoza 4 ndi 4. Ukawerengetsera mwa lamulo la pepalalo, imeneyo ndi 50 pa 100.

Aphunzitsi ataona pepalalo anangofunsa kuti, "M'chipindamo munali ndani?" Ndinachita manyazi. Anali atatiuza kale kuti wodwala aziyankha yekha, wachibale asamuyankhire.

M'mawa mwake ndinadikira mpaka mwanayo atatsika kukagula chakudya, ndipo ndinalowa ndi mnzanga wa m'kalasi wa komweko ku Henan. Agogo anatenga pepala okha, analitalikitsa ndi maso, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Pa 28 anadinda chala pa kwambiri zedi. Nkhumba zonse zinagulitsidwa, ndipo mwanayo anasiya ntchito ya zomangamanga kuti aziwadikirira. Kenako ananena mawu ena mofulumira, mnzangayo n'kuzyolika. Tili pakhonde ndi pomwe anandimasulira: "Akuti matenda awo akuwadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anaona bambo awo akufa nawo. Akuti mwana wawo tisamuuze kuti akudziwa."

Mapepala onse awiri ndinakawasiya pa tebulo la aphunzitsi. Mu kompyuta munalowa lachiwiri. Loyambalo ndinalipempha, ndipo lili m'sutikesi momwe muli satifiketi yanga.